Chiyanjano: Tanthauzo Lake ndi Mtengo Wake

Malemba owerenga: Machitidwe a Atumwi 2:41-47, 1 Yohane 1:1-10



Alipo mau ena amene timawamva kawirikawiri, kotero kuti makutu athu anawazolowera ndipo sitiimanso kuti tifunse chimene akutanthauza. Ena mwa mau oterewa ndi akuti chiyanjano. Mapemphero akamatha, mbusa amakweza manja nadalitsa mpingo ndi dalitso lija lochokera pa 2 Akorinto 13:14, limene limatchula chisomo, chikondi ndi chiyanjano. Tonse timavomera kuti Amen. Komatu pakati pa anthu amene avomera Amenyo pali ena amene potuluka adzasankha makomo osiyana poopa kukumana, pakuti chino ndi chaka chachitatu asakupatsana moni. Nkhani yake ndi malire a munda, kapena ngongole ya thumba la feteleza, kapena mau amene wina analankhula pa maliro. Onsewo ndi obatizidwa, ndipo onsewo amadya Mgonero.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mtumwi Yohane akutichenjeza kuti munthu angathe kunena ndi pakamwa kuti ali pa chiyanjano ndi Mulungu pamene akunama. Chotero m'phunziro lino tifuna tiwamasule mau amenewa, tione kumene anachokera, m'mene timawagwiritsira ntchito tsiku ndi tsiku, ndi chimene Mulungu akufuna kwa ife pamene tiwatchula.

1. Muzu wa mauwa

Mau akuti chiyanjano anamera pa mneni wakuti kuyanja. Mneni ameneyu timamumva tsiku lililonse. Munthu amati, “Nyemba sizindiyanja,” kutanthauza kuti akadya nyemba m'mimba mwake mumavuta. Wodwala akayamba kupeza bwino timati mankhwala amuyanja. Wobadwira ku Nsanje akapita kukakhala ku Dedza n'kumangodwala chimfine, timati mphepo ya kumeneko sinamuyanje. Tsono kuyanja ndiko kulandira chinthu kapena munthu bwino, popanda kumukana kapena kumupweteka.

M'chinenero chathu, tikafuna kuonetsa kuti ntchito ikuchitika mbali zonse ziwiri, timaika kachidutswa kakuti -an- pa mneni. Kukonda kumasanduka kukondana, kumva kumasanduka kumvana, ndipo kuyanja kumasanduka kuyanjana. Kachidutswa kameneka kali ndi phunziro lake. Munthu angathe kukonda wina amene sakumukonda, koma sangathe kukondana yekha. Chimodzimodzinso palibe amene angayanjane yekha. Pafunika awiri, ndipo aliyense apereke ndi kulandira.

Kuchokera pa kuyanjana tipeza dzina lakuti chiyanjano, monga momwe kupangana kunaberekera chipangano. Taonani maina amene amai a m'mipingo ya CCAP anapatsa mabungwe ao. Ku Sinodi ya Blantyre kuli Mvano, wochokera pa kumvana. Ku Sinodi ya Nkhoma kuli Chigwirizano, chochokera pa kugwirizana. Ku Sinodi ya Livingstonia kuli Umanyano, wochokera pa mau a Chitumbuka otanthauza kudziwana. Maina onsewa asenza kachidutswa komwe kaja ka -an-. Amene anawasankha anazindikira kuti Chikhristu sachiyenda munthu ali yekha.

Pali nthambi inanso. Anthu awiri akadana, wachitatu amalowa pakati kuti awabweze pamodzi, ndipo ntchito yakeyo timaitcha kuyanjanitsa. Zotsatira zake ndi chiyanjanitso. Sungani mau amenewa mumtima, pakuti Uthenga Wabwino wonse wagona pamenepo.

2. Chibale, chinansi, ubwenzi ndi chiyanjano

Tili ndi mau angapo onena za kuyandikana kwa anthu, ndipo aliwonse ali ndi malo ake. Chibale chimabwera ndi magazi. Palibe amene anasankha mai wake kapena mlongo wake, ndipo akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Chinansi chimabwera ndi malo: amene nyumba yake yayandikana ndi yanu, amene mumatunga naye madzi pa mjigo umodzi. Ubwenzi umabwera ndi kusankha. Anthu awiri amapalana ubwenzi, ndipo ukafika pothina timati ndi wa ponda apa nane m'pondepo. Amai a kuchigawo cha kumwera kwa Malawi ali ndi chinjira, ubwenzi wapadera umene amapatsana mphatso ndi kusenzerana mavuto ngati obadwa bere limodzi.

Nanga chiyanjano chili pati? Chiyanjano ndiwo moyo umene uyenera kukhala m'kati mwa zonsezi. Chibale chingathe kukhalapo popanda chiyanjano. Ana a Yakobo anali a bambo mmodzi, koma Genesis 37:4 akutiuza kuti abale ake a Yosefe analephera ngakhale kulankhula naye mwamtendere. Fupa linalipo, koma mnofu unali utatha. Chinansi nachonso chingathe kukhalapo popanda chiyanjano: nyumba ziwiri zoyang'anizana makomo, koma ana analetsedwa kuseweretsana.

Mverani m'mene timanenera chiyanjano chikatha. Timati anthuwo samwerana madzi. Timati sapalana moto. Mau amenewa anachokera pa moyo weniweni wa m'mudzi. Moto ukazima m'nyumba mwanu m'mamawa, mumatuma mwana ndi phale kuti akapale kwa a neba. Mlendo akafika, musanamufunse za ulendo mumayamba mwamupatsa madzi. Makolo athu sanayese chiyanjano ndi mau okoma. Anachiyesa ndi chikho cha madzi ndi khala la moto. Pamene zinthu ziwirizi zaleka kudutsa mpanda, aliyense amadziwa kuti pavuta, ngakhale anthuwo atamasekererana pamsewu.

Masiku ano m'mipingo yambiri mau awa tawachepetsa. Tikati, “Ndikupita ku chiyanjano,” tikutanthauza msonkhano wa Lachitatu madzulo, kumene timaimba, kupemphera ndi kupereka maumboni. Msonkhanowo ndi wabwino, ndipo tisausiye. Koma munthu angathe kukhala pa msonkhano wa chiyanjano zaka khumi popanda wina kudziwa kuti kunyumba kwake ana agona ndi njala.

3. Liu limene atumwi anagwiritsa ntchito

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki. Pamene gulu la omasulira lotsogozedwa ndi William Murray linamaliza Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, mau akuti chiyanjano anaimira m'malo ambiri liu la Chigriki lakuti koinonia. Liu limeneli likupezeka pafupifupi ka 20 m'Chipangano Chatsopano. M'mabuku anai a Uthenga Wabwino mulibe. Likuyamba kuoneka pa Machitidwe 2:42, Mzimu Woyera atangotsika pa tsiku la Pentekoste.

Muzu wake ndi koinos, kutanthauza chinthu cha onse, chimene anthu angapo ali nacho limodzi. Munthu amene muli naye limodzi pa chinthucho ankatchedwa koinonos. Pa Luka 5:10 Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, akutchedwa ndi liu limeneli chifukwa anali anzake a Simoni pa ntchito ya usodzi. Inu a kunyanja mukumvetsa bwino zimenezi. Khoka salikoka munthu mmodzi. Amene akukoka chingwe cha kuno ndi amene akukoka cha uko ayenera kuyendera limodzi, apo ayi nsomba zithawa. Zikaphedwa zambiri onse agawana, ndipo usiku ukapita pachabe onse abwerera chimanjamanja. Tsiku lija makoka a Simoni atayamba kung'ambika ndi kuchuluka kwa nsomba, iye sanalembe kalata. Anakodola anzake a m'ngalawa inayo, ndipo anabwera.

Chotero koinonia ndi kukhala ndi gawo limodzi m'chinthu chimodzi, phindu lake ndi zotayika zake zomwe. Tsono funso nali: kodi Akhristu ali ndi chiyani limodzi? Pa Pentekoste panabatizidwa anthu pafupifupi 3,000. Khamu limene linamva ulaliki wa Petro linachokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo Aigupto ndi mbali za Libiya kuno ku Afrika. Zinenero zao zinali zosiyana, ndipo ambiri sankadziwana. Panalibe magazi owalumikiza kapena mudzi umodzi. Chimene anali nacho limodzi ndi Yesu Khristu wouka kwa akufa, ndi Mzimu mmodzi amene analandira.

4. Chiyanjano chimayamba ndi Mulungu

Munthu analengedwa kuti ayanjane ndi Mlengi wake. Koma pa Genesis 3, Adamu ndi mkazi wake atachimwa, anamva Mulungu akubwera m'munda ndipo anabisala. Taonani msanga m'mene zinthu zinatsatirana. M'mutu womwewo mwamuna akuloza chala mkazi wake. M'mutu wotsatira, Kaini akupha m'bale wake Abele. Chingwe cha kumwamba chitaduka, zingwe za pansi pano nazo zinayamba kuduka chimodzichimodzi. Ichi ndicho chifukwa chake misonkhano ya mtendere, ngakhale ili yofunika, siitha kuchiza mtima wa munthu kufikira pa muzu.

Kwathu kuno banja likasokonekera timaitana ankhoswe. Mlandu ukakula umapita kwa nyakwawa kapena kwa mfumu. Wolakwa amapepesa ndi nkhuku kapena mbuzi, ndipo pamapeto pake anthuwo amagwirana chanza. Lamulo lake ndi lodziwika: wolakwa ndiye amalipa. Komatu pa mlandu wa pakati pa ife ndi Mulungu zinthu zinayenda mwa njira yodabwitsa. Wolakwiridwa ndiye anatumiza mkhalapakati, ndipo wolakwiridwa yemweyo ndiye analipa. Paulo akufotokoza pa Aroma 5:10 kuti chiyanjanitso chathu chinachitika mwa imfa ya Mwana wa Mulungu tikadali adani ake. Pa 2 Akorinto 5:18-20 akuonjezera kuti Mulungu, atatha kutiyanjanitsa, anatipatsa ifenso ntchito yoyanjanitsa ena.

N'chifukwa chake Yohane, m'kalata yake yoyamba, akumanga zinthu ziwirizi ndi mfundo imodzi. Akuti analalikira zimene anaona ndi kumva kuti owerenga ake ayanjane ndi atumwi, ndipo chiyanjano cha atumwiwo chili ndi Atate ndi Mwana. Pa vesi 7 akunena chinthu chimene ambiri sitichiyembekezera. Tikanaganiza kuti anena kuti woyenda m'kuunika amayanjana ndi Mulungu. Iye akuti oyenda m'kuunika amayanjana wina ndi mnzake, ndipo pomwepo akutchula mwazi wa Yesu umene umatsuka tchimo. Umboni wooneka wakuti munthu ali bwino ndi Mulungu wosaonekayo ndi m'mene akukhalira ndi m'bale wake wooneka. Pa 1 Yohane 4:20 mtumwiyu sakuzungulira: wonena kuti amakonda Mulungu uku akudana ndi m'bale wake akumutcha wabodza.

Wokondedwa, ngati simunayanjanitsidwe ndi Mulungu mwa Khristu, yambirani pamenepo. Mungathe kulembetsa dzina m'kaundula wa mpingo, kuvala yunifolomu ndi kuimba m'kwaya, koma nthambi yongotsamira pa mtengo siilandira madzi a mtengowo.

5. Chiyanjano chimafika m'mbale ndi m'thumba

Luka akutiuza kuti okhulupirira oyamba aja ankadyera limodzi m'nyumba zao, ndipo amene anali ndi katundu ankagulitsa kuti athandize osowa. Barnaba, Mlevi wa ku Kupro, anagulitsa munda napereka ndalama zake kwa atumwi. Panalibe lamulo lowakakamiza. Petro anauza Hananiya pa Machitidwe 5:4 kuti munda unali wake asanaugulitse, ndipo ndalama zinali m'manja mwake ataugulitsa. Tchimo la Hananiya ndi Safira linali kunamizira chiyanjano chimene analibe.

Pali chinthu china chimene owerenga ambiri sachidziwa. Paulo anatha zaka zingapo akusonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Galatiya, Makedoniya ndi Akaya kuti zikathandize okhulupirira osauka a ku Yerusalemu. Pa 1 Akorinto 16:2 analangiza kuti tsiku loyamba la sabata iliyonse munthu aziika kena kake padera monga mwa kupeza kwake. Tsono pa Aroma 15:26, pamene akutchula chopereka chimenechi, liu limene analemba m'Chigriki ndi lomwe lija, koinonia. Kwa Paulo, thumba la ndalama lochokera kwa anthu a mitundu ina kupita kwa Ayuda amene sanawaonepo linali chiyanjano chogwirika ndi manja.

Ndipo amene anatsogola pa kuperekaku sanali olemera. Pa 2 Akorinto 8:1-4 tikumva kuti Akhristu a ku Makedoniya anali pa umphawi wadzaoneni, komabe anachita kumuchonderera Paulo kuti asawasiye kunja kwa mwai umenewu. Choncho asapezeke wina wonena kuti, “Ine ndine wosauka, za chiyanjano zisiyeni kwa a magalimoto.” Mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni, tsiku limodzi lolimira mai wamasiye, kugona usiku umodzi kuchipatala podikirira wodwala kuti m'bale wake akapume, zonsezi ndi koinonia. Akulu anati kupatsa n'kuika.

Anthu a m'chigawo chino cha Afrika sitiri alendo pa zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome mu 1992, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri mwa iwo analandiridwa m'midzi ya m'malire, monga ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ndi anthu amene nawonso analibe zambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, oyamba kukumba matope ndi makasu pofuna opulumuka anali anansi. Abale athu amene ali pa ntchito ku Johannesburg kapena ku Harare amasonkherana kuti mnzao akamwalira aikidwe mwaulemu. Si onse ochita zimenezi amene ali okhulupirira. Ngati anthu angachite chotero chifukwa cha umunthu wokha, nanga ife amene timati tinagulidwa ndi mwazi umodzi tiyenera kuchita motani?

Pano pali funso lotikhudza. Timadziwa kusonkha munthu akamwalira. Bokosi limapezeka, ufa umapezeka, galimoto imapezeka. Koma munthu yemweyo anadwala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndalama yokwerera minibasi kupita kuchipatala inasowa. Chiyanjano cha m'Malemba chimafika munthu akadali moyo.

6. Zimene zimaphwanya chiyanjano

Tisaganize kuti mpingo woyamba unali wa angelo. Pa Machitidwe 6 panabuka dandaulo lakuti amai amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankadumphidwa pa kugawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi inali ya chinenero ndi kochokera. Atumwi sanaikwirire. Anaitanitsa mpingo wonse, ndipo panasankhidwa amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Mukawerenga maina ao mupeza kuti onse ndi maina a Chigriki. Zikuoneka kuti mpingo unapereka thumba m'manja mwa mbali imene inadandaula. Kodi mipingo yathu, imene nthawi zina imagawanika chifukwa cha chigawo chimene mbusa akuchokera, ingalimbe mtima kuchita chotero?

Tsankho la mtundu lingagwire ngakhale mtsogoleri wamkulu. Ku Antiokeya Petro ankadya pamodzi ndi okhulupirira a mitundu ina, koma atafika alendo ochokera kwa Yakobo anayamba kudzipatula, mpaka Barnaba yemwe anatengeka. Paulo anamudzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Petro sanasinthe chiphunzitso ndi pakamwa. Anangosuntha mpando wake pa nthawi ya chakudya. Koma Paulo anaona kuti kusuntha mpandoko kunali kukana choonadi cha Uthenga Wabwino. Dziko la Rwanda linali ndi matchalitchi odzaza, koma mu 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu mazana a zikwi anaphedwa, ena a iwo m'kati mwa matchalitchi momwemo. Pamene madzi a ubatizo sanalowe kufika pansi pa dzina la mtundu, mpingo umakhala pangozi.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa chuma. Ku Korinto opeza bwino ankayamba kudya osadikira anzao, kotero kuti wina ankakhuta mpaka kuledzera pamene wina ali ndi njala. Paulo anawauza kuti chimene ankadyacho sichinalinso Mgonero wa Ambuye (1 Akorinto 11:20-22). Yakobo nayenso akudzudzula mpingo umene umapatsa wovala bwino mpando wapamwamba n'kuuza wosauka kuti akhale pansi.

Chachitatu ndi lilime. Miyambo 16:28 ikutiphunzitsa kuti kazitape amalekanitsa mabwenzi apamtima. Miseche yambiri mumpingo imavala malaya a pemphero: “Tiwapempherere mai uje, simunamve zimene achita?” Lero nkhani yotere imayenda pa foni, ndipo isanakwane nthawi ya nkhomaliro mudzi wonse wamva. Munthu amene chinsinsi chake chaululidwa kamodzi sadzatsegulanso mtima wake, ndipo pamene anthu aleka kutsegulirana mitima, chotsala ndi msonkhano chabe.

7. Si kuyanjana konse kumene kuli kwa Mulungu

Tichenjere pano. Luka 23:12 akunena kuti Herode ndi Pilato, amene anali pa udani, anakhala mabwenzi tsiku limene anaweruza Yesu. Anayanjana ndithu, koma chimene chinawayanjanitsa ndi kukana Mwana wa Mulungu. Pa Miyambo 1:10-19 bambo akuchenjeza mwana wake za gulu limene limamuitana kuti akhale nalo ndi thumba limodzi la ndalama. Thumba limodzi likumveka ngati Machitidwe 2, koma ndalama zake ndi za magazi. Amene amagawana ndalama za katangale mu ofesi nawonso amasungirana chinsinsi ndi kutchulana kuti achimwene.

Ulipo ubwenzi wina umene akulu anautcha wa nkhwangwa, wokoma pokwera. Munthu akamakwera mumtengo amaikoleka nkhwangwa paphewa, koma akamaliza kudula amaiponya pansi. Mwana wolowerera uja wa pa Luka 15, chuma chitatha ndi njala itagwa, anasowa ngakhale womupatsa chakudya cha nkhumba. Achinyamata, yesani anzanu ndi funso ili: kodi chimene tili nacho limodzi ndi chiyani? Ngati ndi botolo lokha, botolo likatha chiyanjano chithanso. Paulo pa 2 Akorinto 6:14 akutikumbutsa kuti kuunika ndi mdima n'zosayanjanitsika. Izi sizikutanthauza kuti tizinyansidwa ndi osakhulupirira, pakuti Ambuye wathu ankadya ndi amisonkho ndi ochimwa. Koma Iye ankapita kwa iwo ngati sing'anga kwa odwala, ndipo amene ankasinthika anali iwowo.

8. Mau kwa inu omvera wailesi

Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha wailesi. Imafika kwa wodwala amene sangadzuke pa mphasa, kwa mlonda usiku, kwa wam'ndende, ndi kwa dalaivala amene ali pa ulendo wautali wa ku Beira kapena ku Durban. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti misonkhano ichepetsedwe m'maiko ambiri, anthu ochuluka anadyetsedwa Mau kudzera pa wailesi ndi pa foni.

Komabe tiyenera kunena zoona. Alipo ena amene anakhumudwa ndi mpingo, mwina pa zifukwa zomveka, ndipo anati, “Ine ndizingopemphera ndi wailesi yanga.” Wokondedwa, wailesi ingakuphunzitseni, koma singakugwireni dzanja. Singakubatizeni, singanyeme nanu mkate, singabwere kudzakuonani mukadwala, ndipo singakudzudzuleni mukayamba kusochera, chifukwa mukangomva mau okulasani mumtima mumaitseka. Kumbukirani kachidutswa kaja ka -an-. Pa wailesi mumalandira chabe, koma mpingo ukusowa chimene Mulungu anaika mwa inu. Ahebri 10:24-25 akutilangiza kuti tisaleke kusonkhana, ndipo chifukwa chimene akupereka ndi chakuti tizilimbikitsana. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika. Mukachisolola pamoto chimafuka utsi pang'ono kenaka n'kuzima. Funani mpingo umene umalalikira Khristu mokhulupirika, ndipo mukakhale chiwalo chake.

9. Kubwezeretsa chiyanjano chimene chinaduka

Nanga amene simukumwerana madzi ndi m'bale wanu muchite chiyani? Ambuye Yesu anatseka makomo onse othawira. Pa Mateyu 5:23-24 akulankhula kwa amene walakwira mnzake: asiye chopereka chake pa guwa, ayambe wapita kukayanjana naye. Pa Mateyu 18:15 akulankhula kwa amene walakwiridwa: apite kwa m'bale wakeyo, akambirane ali awiri. Kaya ndinu wolakwa kaya wolakwiridwa, woyamba kunyamuka ndinu.

Pitani nokha poyamba, nkhani isanafike kwa anthu ena. Tchulani mbali yanu ya mlandu popanda kuonjezera mau akuti “koma nawenso.” Ngati pali chimene munatenga, bwezani, monga anachitira Zakeyu, ngati munasuntha malire a munda, kabwezeni pamene anali. Akakana kukumverani, tengani munthu mmodzi kapena awiri okhwima m'chikhulupiriro. Ku Filipi kunali amai awiri, Euodiya ndi Suntuke, amene anagwira ntchito ya Uthenga Wabwino pamodzi ndi Paulo koma anasemphana maganizo. Paulo sanawachotse mumpingo, ndipo sanakhale chete. Anapempha mnzake wokhulupirika kuti awathandize (Afilipi 4:2-3).

Ndipo inu amene mukuyanjanitsa ena, dziwani kuti ntchitoyi ili ndi mtengo wake. Pamene Paulo ankabweza Onesimo kwa mbuye wake Filemoni, analemba kuti ngati Filemoni amamuyesa koinonos wake, amulandire Onesimo monga akanalandirira Paulo mwini. Anaonjezera kuti ngati pali ngongole, ilembedwe pa dzina la Paulo. Umu ndi m'mene Khristu anachitira ndi ife.

Zoona, alipo ena amene adzakana ngakhale mutapita kangapo. Aroma 12:18 akuzindikira zimenezi, ndipo akutipempha kuchita mbali imene ili m'manja mwathu. Kukhululuka sikutanthauzanso kuti munthu abwerere kumene moyo wake uli pangozi; mai amene akumenyedwa ayenera kutetezedwa, ndipo mpingo umuthandize kupeza chitetezocho. Koma milandu yambiri imene yatigawanitsa si yotero. Ndi ya mau, ya ndalama zochepa, ndi ya kunyada kumene kukudikira kuti wina ayambe.

Lamulungu likudzali mudzamvanso dalitso lija. Musanavomere Amen, dzifunseni ngati pali khomo limene mwakhala mukulilambalala. Ngati lilipo, musadikire Mgonero wotsatira, ndipo musadikire maliro. Pitani sabata ino.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, tikukuyamikani chifukwa munatifunafuna tikadali adani anu, ndipo munatiyanjanitsa ndi Inu mwa mwazi wa Mwana wanu. Tikupempherera aliyense amene akuwerenga phunziro lino asanakudziweni, kuti lero alandire chiyanjanitso chimenechi. Tikupempherera mabanja, anansi ndi mipingo imene yagawanika. Patsani ana anu kulimba mtima kuti anyamuke ndi kupita kwa abale ao, ndipo tsegulani manja athu kwa osowa akadali moyo. Mzimu wanu Woyera atimange pamodzi kuti dziko lione ndi kukhulupirira. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.